Ndalama, chimanga, mthandizi kapena phala: n'chiti chimapulumutsa osauka mliri ukavuta?

Pa 17 April 2020, kutatsala tsiku limodzi kuti m'bindikiro wa masiku 21 uyambe m'Malawi, bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe linapereka chiletso choimitsa m'bindikirowo. Amene anakasuma ndi bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC, ndipo sankanena kuti matenda a Covid-19 kulibe ayi. Funso lawo linali lakuti wakabaza, mayi wogulitsa tomato ndi mnyamata wonyamula katundu mumsika adya chiyani masabata atatu ali chitsekereni m'nyumba. Mavenda ku Blantyre ndi ku Mzuzu anali atatuluka kale m'misewu, akuti bola kufa ndi matendawo kusiyana n'kufa ndi njala.

Mwezi womwewo usanathe, boma la Peter Mutharika linalonjeza K35,000 pamwezi kwa mabanja ovutika a m'mizinda. Ndalamazo zinayamba kulowa m'mafoni a anthu kumayambiriro kwa 2021, boma litasintha kale, funde lachiwiri la matenda litatenga nduna ziwiri tsiku limodzi mu January. Kuchokera pa lonjezo kufika pa ndalama yoyamba panadutsa miyezi pafupifupi khumi.

Si Malawi yekha amene anagwidwa njakata. A World Bank amawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 70 miliyoni padziko lonse anagwera mu umphawi wadzaoneni, chiwerengero chomwe chinali chikutsika kwa zaka zoposa makumi awiri. Pafupifupi boma lililonse linayesa china chake. Ena anagawa ndalama, ena ufa ndi nyemba, ena analemba anthu ntchito zamthandizi, ena anakhululuka mabilu a madzi. Popeza zonsezi zinayesedwa chaka chimodzi pa vuto limodzi, tikhoza kuziyika pambalambanda n'kuona imene inagwira. Ine ndikuziyesa ndi mafunso ochepa: thandizo linafika liti, linafikira yani, linadya ndalama zingati, ndipo kodi polandira anthu sanapatsirane matenda omwe ankawathawawo?

Kuwonjezera kwa amene ali kale m'kaundula

Njira yachangu kuposa zonse ndi yowonjezera ndalama kwa anthu amene amalandira kale. Maina alipo, njira yolipirira ilipo, chotsala n'kusintha nambala basi. South Africa inachita izi mu May 2020: ndalama yolerera ana inakwera ndi R300 pa mwana aliyense mwezi umenewo, ndipo kuyambira June mpaka October wolera ana aliyense ankalandira R500 yapamwamba. Okalamba ndi aulumali anawonjezeredwa R250. Palibe amene analemba fomu yatsopano.

Ku Ethiopia kuli ndondomeko ya PSNP, yopatsa mabanja osauka ndalama kapena chakudya, ambiri posinthana ndi ntchito zamthandizi, yomwe inayamba mu 2005 ndipo imafikira anthu pafupifupi 8 miliyoni a kumudzi. Ofufuza a IFPRI, bungwe lofufuza za chakudya, atayerekeza mabanja, anapeza kuti njala inakula kwambiri pakati pa amene sanali m'ndondomekoyi, pamene kwa amene anali m'kati inangokwera pang'ono. Thandizo lomwe linakhazikika kale mliri usanabwere linagwira ntchito yake.

Kwathu kuno ndi Mtukula Pakhomo. Anayamba ngati kuyesa chabe ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 anali atafika m'maboma onse 28. Amasankha banja limodzi mwa mabanja khumi, losaukitsitsa komanso lopanda munthu wamphamvu zogwira ntchito: agogo olera ana amasiye, odwala matenda amgonagona, ana olera anzawo. Nthawi imeneyo banja linkalandira pafupifupi K7,000 pamwezi. Ndi ndalama yochepa, koma kwa gogo amene alibe pogwira imagula sopo, mchere, timakope ta adzukulu, mwina n'kusunga pang'onopang'ono mpaka kugula kambuzi.

Vuto lake lili poyera. Umphawi wobwera ndi mliri sunayambire pa gogo wa ku Mchinji. Unayambira pa kondakitala wa minibasi yomwe yalamulidwa kunyamula anthu ochepa, woperekera zakudya pamalo ogona alendo ku Mangochi pomwe alendo asiya kubwera, mphunzitsi wa sukulu yapulayiveti yemwe malipiro anaima tsiku lomwe sukulu zinatsekedwa, mayi wokaoda katundu ku Tanzania pomwe kuwoloka chipata kwavuta. Anthu amenewa ndi amphamvu zawo, amakhala m'tauni, ndipo dzulo lake sanali osaukitsitsa. Mtukula Pakhomo sanapangidwire iwo. Ngakhale mutachulukitsa ndalama yake katatu, siingawapeze.

Kulemba anthu atsopano n'kuwapatsa ndalama

Apa ndiye pali nkhani yaikulu, chifukwa ndi pamene maiko anasiyanirana kwambiri.

Togo, dziko laling'ono la anthu pafupifupi 8 miliyoni, ndiyo inadabwitsa ambiri. Mu April 2020 inakhazikitsa ndondomeko ya Novissi m'masabata osakwana awiri. Munthu ankangodina manambala pa foni wamba, yamabatani yomweyi, n'kulemba nambala ya khadi yake yovotera. Mwayi wawo unali wakuti kaundula wa ovota anali atangokonzedwa chifukwa cha chisankho cha mu February chaka chomwecho, ndipo m'kaundulamo munali dera lomwe munthu amakhala ndi ntchito imene amagwira. Kompyuta ikaona kuti ndiwe wodzilemba wekha ntchito ndipo umakhala m'dera lomwe mwaikidwa malamulo oletsa kuyenda, ndalama inkalowa pafoni. Amayi ankalandira 12,250 CFA (ndalama ya kumeneko) pamwezi, abambo 10,500 CFA. Anachita dala kupatsa amayi zambiri, podziwa kuti ndalama ya mayi imathera pa mphika. Anthu oposa theka la miliyoni analandira pa gawo loyamba, popanda mfumu kapena khansala woima pakati. Koma yemwe analibe khadi yovotera anatsala kunja, ngakhale akhale wosauka chotani.

Brazil inaponya ukonde waukulu. Kuyambira April 2020 inkapereka R$600 (ndalama ya kumeneko) pamwezi kwa osauka ndi ogwira ntchito zosalembedwa, ndipo mayi wolera yekha ana ankalandira R$1,200. Anthu pafupifupi 68 miliyoni analandira. Zotsatira zake n'zodabwitsa: pakati pa mliri womwe unkapha anthu miyandamiyanda, umphawi wadzaoneni ku Brazil unatsika m'malo mokwera. Iwo anali ndi kaundula wa mabanja osauka yemwe anamangidwa zaka zambiri m'mbuyomo, komanso banki ya boma ya Caixa yomwe inatsegulira anthu maakaunti a pafoni. Zinadya ndalama pafupifupi R$300 biliyoni chaka chimodzi. Mu September ndalamayo inadulidwa pakati, mu December inaima, ndipo m'miyezi yoyamba ya 2021 umphawi unabwerera mwamphamvu.

South Africa inayambitsa R350 pamwezi kwa akuluakulu osagwira ntchito omwe sankalandira thandizo lina lililonse. Ankalembetsa pa WhatsApp kapena podina manambala pafoni, ndipo boma linkayang'ana dzina lako m'makaundula a msonkho, a inshulansi ya ochotsedwa ntchito ndi a ophunzira olandira thandizo. Poyamba zinachedwa, ambiri anakanidwa molakwika chifukwa makaundulawo anali akale, koma chaka chisanathe anthu pafupifupi 6 miliyoni anali akulandira. R350 sinkakwana ngakhale chakudya cha munthu mmodzi pamwezi. Komabe ndiyo inali ndalama yoyamba ya boma kufika m'manja mwa mnyamata wazaka 25 wa ku Soweto yemwe sanalembedwepo ntchito.

Nanga ife tinachedweranji? Kaundula wathu wa mabanja ofunika thandizo, wotchedwa UBR, ankalembedwa boma ndi boma kumidzi. Makomboni a m'mizinda munalibe. Ndiye panafunika kuyamba n'kusankha madera, kutumiza alembi khomo ndi khomo ku Ndirande, ku Mtandire, ku Chinsapo ndi kwina, kutenga nambala ya chiphaso cha unzika ndi ya foni, kenako kutsimikiza kuti dzina la pa chiphaso ndi lomwelo la pa Airtel Money kapena Mpamba. Pakati pa zonsezi panali chisankho chachibwereza cha mu June 2020. Pamapeto pake mabanja pafupifupi 200,000 a ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba ndiwo anakonzedwa kuti alandire K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu, yomwe inali yofanana ndi malipiro otsikitsitsa a mu 2020. Pamodzi ndi K105,000. Kwa mayi amene mpamba wake wa mandasi unadyedwa, imeneyo ndi ndalama yoti n'kulipira lendi yotsalira, kubweza katapila, n'kugulanso thumba la fulawa ndi mafuta. Ikanafika mu June 2020 mpambawo sukanadyedwa n'komwe.

Ndalama ya pafoni ili ndi misampha yake, ndipo imaonekera pafupi. Mayi wa m'komboni nthawi zambiri alibe foni yakeyake. Simu khadi anamulembetsera mlamu wake ndi chiphaso cha mlamuyo, ndiye kompyuta ikayerekeza maina imamukana. Kapena anapereka nambala ya mwamuna wake, uthenga wandalama n'kufikira bamboyo ali pa bawo. Ikalowa, aliyense m'dera amathamangira kwa ejenti tsiku lomwelo, pakambulera kamodzi pamakhala mzere wa anthu makumi angapo, ndipo pofika masana ejenti wayamba kunena kuti ndalama zamuthera, bwerani mawa. Achinyengo nawo amadziwa tsiku lolandira. Amaimba foni ngati ndi a kuofesi, n'kumafunsa nambala yachinsinsi. Ku Peru zinafika poipa kwambiri. Boma linagawa ndalama msanga, koma akuluakulu ambiri analibe akaunti ku banki, ndiye anthu ankafola m'mizere italiitali pamakomo a mabanki pamene matenda anali pachimake. Thandizo lomwe linali loti anthu akhale pakhomo linawatulutsa n'kuwaunjika malo amodzi.

Ndiye pali nkhani ya wolemba maina. Kumene ntchitoyi inasiyidwa m'manja mwa atsogoleri a m'madera popanda wowalondola, maina a abale ndi a m'chipani ankalowa patsogolo. A Human Rights Watch atafufuza ku Nairobi anapeza kuti ndalama za boma la Kenya zinafikira kagawo kakang'ono ka mabanja ovutika a m'makomboni, ndipo kukondera kunali ponseponse. Kenya ndi kwawo kwa M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni, pafupifupi aliyense ali nayo. Chinavuta si njira yotumizira ndalama, koma mndandanda wa maina.

Kugawa chakudya

Anthu ambiri, makamaka akuluakulu, amakhulupirira thumba la chimanga kuposa ndalama. Amati ndalama abambo akamwera, pamene ufa umafika pa mwana. Kafukufuku wa zaka zambiri pa Mtukula Pakhomo ndi ndondomeko zofanana naye ku Zambia ndi ku Kenya sakugwirizana ndi mantha amenewa: gawo lalikulu la ndalama limapita ku chakudya. Koma chakudya chili ndi pake pomwe chimapambana, ndipo umboni wake ndi India.

India inalengeza m'bindikiro usiku wa pa 24 March 2020, kuti uyambe pakangotha maola anayi. Masiku ochepa otsatira boma linanena kuti anthu pafupifupi 800 miliyoni azilandira makilogalamu 5 a mpunga kapena tirigu pamwezi kwaulere, kuwonjezera pa zomwe ankagula kale motsika mtengo. Zinatheka chifukwa nkhokwe za boma zinali zodzaza, ndipo m'midzi ndi m'matauni munali kale timasitolo pafupifupi theka la miliyoni togawiramo chakudyachi, aliyense ali ndi khadi yake. Amene anavutika ndi aganyu ochokera kumidzi omwe ankagwira ntchito m'mizinda ngati Delhi ndi Mumbai, chifukwa khadi yawo inkagwira ntchito kwawo kokha. Ndi aja dziko lonse linawaona akuyenda pansi mitunda mazanamazana, ana ali paphewa.

Kumene kunalibe zonsezo, kugawa chakudya kunasanduka chipwirikiti. Ku Kibera, mumzinda wa Nairobi, anthu anapondana polimbirana chakudya mu April 2020, ambiri n'kuvulala, mpaka boma linaletsa kugawa kosadzera mwa ilo. Ku Uganda boma linayamba kugawa ufa ndi nyemba khomo ndi khomo ku Kampala, koma mwezi womwewo akuluakulu ena a mu ofesi ya nduna yaikulu anamangidwa powaganizira kuti anagula chakudyacho pamitengo yokwezedwa dala. Ku Nigeria, mu October 2020, makamu a anthu anathyola nyumba zosungiramo katundu ku Lagos, ku Jos ndi kwina, n'kupeza matumba a chakudya cha Covid ali chiunjikire miyezi ingapo anthu akugona ndi njala. Chakudya chimafuna wogula, wonyamula, wosunga ndi wogawa, ndipo pa dzanja lililonse chimene chadutsa pamagwa kanthu.

Funso lothandiza posankha ndi ili: kodi mumsika chakudya chilimo? Mu April ndi May 2020 kuno kunali kukolola, chimanga chinali mbwee m'misika ndipo mtengo unali utatsika. Anthu a m'tauni sankasowa pogula, ankasowa chogulira. Pamenepo kubweretsa malole a chimanga n'kungopha msika wa mlimi, pamene ndalama ikanathandiza wogula ndi wogulitsa yemwe. Zikanakhala kuti mliri wafika chaka cha chilala, mu February, ADMARC ili mbee ndipo mavenda akukweza mtengo m'mawa ndi madzulo, ndalama ikanangothamangitsa mitengo, ndipo thumba likanapambana. Amene anaona njala ya 2002, itangogulitsidwa nkhokwe ya chimanga ya dziko, safuna kuuzidwa zimenezi.

Ntchito zamthandizi

Andale amazikonda chifukwa palibe amene anganene kuti anthu akulandira zaulere, ndipo pamapeto pamaoneka msewu wolambulidwa kapena mitengo yodzalidwa. Ubwino wake wina ndi wakuti zimadzisankhira zokha anthu: wolemera sangapite kukagwira khasu pamsewu chifukwa cha malipiro ochepawo.

Ku India zinathandizadi, koma pa chifukwa chapadera. Kumeneko lamulo la mu 2005 linkapatsa banja lililonse la kumudzi ufulu wopempha ntchito ya masiku 100 pachaka. Aganyu aja atafika kwawo anakapempha, ndipo m'chaka cha 2020/21 mabanja oposa 70 miliyoni anagwirako, chiwerengero chomwe chinali chisanafikidwepo. Sanadikire kuti wina awalembe pamndandanda; anangopita okha kukafunsa zomwe lamulo linawalonjeza.

Pa mliri wa matenda opatsirana, komabe, kusonkhanitsa anthu kuti azipatsirana makasu ndi mawilibala n'kudzitsutsa. Ethiopia inazindikira izi, n'kuimitsa kaye lamulo logwira ntchito, anthu n'kumalandirabe ndalama zawo. Wodwala, woyembekezera ndi wosamalira matenda sangagwire mthandizi, pamene ndi amene ali pamoto. Ndipo mbiri ya mthandizi kwathu kuno si yolimbikitsa. Ofufuza a World Bank ndi anzawo atayeza ntchito za MASAF za m'nyengo ya 2012/13, sanapeze umboni wakuti mabanja omwe anagwira anadya bwino kapena kuthira feteleza wambiri kuposa anzawo. Masiku ogwira anali ochepa, malipiro ochepa. Ine ndingausunge mthandizi kuti udzagwire ntchito matenda akazizira, pamene anthu akufuna poyambira, osati pamene akuuzidwa kuti atalikirane.

Phala la kusukulu

Iyi ndi njira imene ambiri sankaiwerenga ngati thandizo mpaka tsiku limene inaima. Sukulu za m'Malawi zinatsekedwa pa 23 March 2020 ndipo zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu September. Bungwe la Mary's Meals lokha limadyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'dziko muno, osawerengera ena odyetsedwa ndi WFP ndi boma. Kwa mwana wambiri kapu ya phala ija ndiyo chakudya chokha chotsimikizika patsiku. Padziko lonse a WFP anawerengera kuti ana pafupifupi 370 miliyoni anasowa chakudya cha kusukulu mu April 2020.

Mabungwe anasintha msanga, n'kumaitana makolo kuti adzatenge ufa wa phala kusukulu akaphikire kunyumba. Inali nzeru yabwino, ndipo inafulumira chifukwa sukulu, maina a ana ndi makomiti a amayi ophika zinalipo kale. Koma ufa ukafika pakhomo sukhalanso wa mwana mmodzi. Mayi sangaphikire wa Sitandade 3 yekha, wazaka ziwiri akuyang'ana, agogo ali pakhonde. Ufa wa mwezi umatha sabata imodzi, ndipo palibe amene angamudzudzule mayiyo.

Ku South Africa boma linangoimitsa ndondomeko yake yodyetsa ana 9 miliyoni, mpaka bungwe la Equal Education linakasuma, ndipo mu July 2020 khothi linalamula kuti chakudya chiyambirenso, kaya mwana akupita m'kalasi kaya ayi. Kunonso tinaona kuti sukulu imateteza zambiri kuposa mimba yokha: unduna woona za jenda unanena kuti m'miyezi yotsekerayo atsikana pafupifupi 40,000 anatenga pathupi ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Banja likasowa chakudya, mtsikana wamkulu ndiye amayamba kuonedwa ngati pakamwa poti pachoke.

Madzi aulere, magetsi, misonkho ndi feteleza

Ghana inapereka madzi aulere kuyambira April 2020, magetsi aulere kwa ogwiritsa ntchito pang'ono, ndi theka la mtengo kwa ena onse kwa miyezi itatu. Kenya inatsitsa msonkho wa VAT kuchoka pa 16 kufika pa 14 peresenti. Njira zimenezi n'zosavuta, zimangofuna kusayina kalata. Koma amene amapindula kwambiri ndi wa mpope m'nyumba ndi firiji, osati wotunga pa kiyosiki ndi chigubu. M'dziko ngati lathu, momwe nyumba zambiri zilibe magetsi, kukhululuka mabilu a ESCOM kukanakhala kuthandiza Area 47 m'dzina la Mtandire. Ku Ghana bilu inabwerabe mochedwa: mu 2021 anaika msonkho watsopano wa Covid wa 1 peresenti, womwe wosauka nayenso ankalipira pogula zinthu. Kuimitsa kaye kubweza ngongole za kubanki nako kumathandiza yemwe banki inamukhulupirira n'kumukongoza. Wa banki mkhonde, yemwe gulu lake linasiya kukumana ndipo mamembala analephera kubweza, sizinamukhudze.

Pali chinthu chimodzi chimene sitimachiika m'gulu la thandizo la mliri koma ndicho chinadya ndalama zambiri chaka chimenecho: AIP. M'nyengo ya 2020/21 boma linaika pafupifupi K160 biliyoni kuti alimi mamiliyoni agule thumba la feteleza pa K4,495. Mvula inagwa bwino, zokolola za 2021 zinachuluka, chimanga chinatsika mtengo, ndipo izi zinapepuza osauka a m'tauni omwe. Koma taonani kusiyana kwake. Mabanja 200,000 kuwapatsa K105,000 lililonse ndi K21 biliyoni. Feteleza amayankha pakatha miyezi isanu, ndipo amayankha pokhapokha mvula ikalola. Ndi ndondomeko ya ulimi, yoyenera kuweruzidwa ngati ya ulimi; siingalowe m'malo mwa thandizo la munthu amene ntchito yamuthera Lachisanu lapitali.

Amene njira zonsezi zinawaphonya

Abale athu a ku Joni anagwa pakati. R350 ija poyamba inali ya nzika, okhala mokhazikika ndi othawa kwawo ovomerezeka; khothi linawonjezera ena okhala ndi zilolezo zapadera mu June 2020, koma Mmalawi wogwira ntchito ya m'munda kapena ya m'nyumba wopanda mapepala sanali paliponse. Kwawo kuno nakonso sanali m'kaundula. Mabasi anayamba kuwabweretsa kudzera pa Mwanza, ndipo kumapeto kwa May 2020 mazana a iwo anathawa pa Kamuzu Stadium pomwe ankasungidwa podikira zotsatira, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Aliyense wa iwo anali mtukula pakhomo wa banja lina ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay. Ndalama yomwe ankatumiza mwezi ndi mwezi itaima, mabanja amenewo anasauka popanda ofesi iliyonse kudziwa.

Ndikanasankha ine

Ndikanaika ndalama patsogolo, yotumizidwa pafoni, yopita kwa mayi ngati n'kotheka. M'makomboni odziwika ndikanalemba aliyense wokhalamo kupatula amene akuoneka m'kaundula wa malipiro a boma ndi wa msonkho, m'malo motaya miyezi kufufuza kuti wosaukitsitsa ndani. Pa nthawi ya mliri, kulakwitsa popatsa munthu yemwe akanatha kudzidalira n'kotchipa kuposa kuphonya amene akugona ndi njala. Ufa wa phala ndikanaupitiriza tsiku lomwelo sukulu zatsekedwa, muyeso wake n'kuukuza podziwa kuti udyedwa ndi banja lonse. Chimanga ndikanachisungira madera ndi miyezi imene msika wauma. Mabilu ndi misonkho ndikanazisiya.

Otsutsa adzati ndalama zikabedwa. Zoona, koma taonani kumene zinabedwera. Kafukufuku wa K6.2 biliyoni za Covid, yemwe anatuluka mu April 2021 mpaka nduna ina kuchotsedwa, anapeza ndalama zambiri zitathera ku maalawansi, misonkhano ndi kugula katundu mosatsata malamulo. Zimenezo zinali ndalama zodutsa m'maofesi. Ndalama yochoka ku Reserve Bank kupita pa nambala ya foni yomangidwa ku chiphaso imasiya mapazi oti n'kuwalondola, ndipo chiphaso cha unzika tili nacho kuyambira 2017.

Chovuta chenicheni ndi thumba. Brazil inakongola m'ndalama yakeyake. Ife sitingathe kufika pamenepo. Nthawi ya mliri, boma la Malawi linkalipira lokha Mtukula Pakhomo m'boma limodzi la Thyolo, ena onse 27 ali m'manja mwa Germany, European Union, Ireland ndi World Bank. Ndondomeko yodalira abwenzi chotere siingakule sabata imodzi, chifukwa aliyense wa iwo ali ndi malamulo ake ndi kalendala yake. A IMF anatikongoza $91 miliyoni mu May 2020 ndi ina yoposa $100 miliyoni mu October, koma zambiri zinali zotseka mabowo a ndalama zakunja ndi a bajeti. Anansi athu a ku Zambia, omwe anayamba kugawa ndalama kwa osauka ku Kalomo mu 2003 ife tisanayambe, analephera kubweza ngongole zakunja mu November 2020, mliri uli m'kati.

Ndipo thandizo ladzidzidzi likayamba, kulisiya kumavuta. South Africa inaimitsa R350 kumapeto kwa April 2021. Mu July kunabuka zipolowe ku KwaZulu-Natal ndi ku Gauteng zomwe zinapha anthu oposa 300, ndipo mu August ndalamayo inabwerera. Kuyambira pamenepo yakhala ikuwonjezeredwa chaka ndi chaka, ndipo mu April 2024 inakwera kufika pa R370, unduna wa zachuma ukudandaula kuti ndalama palibe koma osapeza tsiku loyenera kuitseka. India nayo inapitiriza tirigu ndi mpunga waulere mliri utatha kale. Kwathu thandizo lija silinasanduke lokhazikika, ndipo patangopita chaka kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, mitengo ya mafuta ophikira ndi fulawa n'kudya mpamba womwe K105,000 ija inabwezeretsa.